Mphamvu Yobwereka: Mbiri ya Mankhwala Oletsedwa m'Masewera a Baseball

Aphunzitsi ndi ana a sukulu nonse, makamaka inu a m'mbali mwa mtsinje wa Msanzala, a ku Petauke ndi a ku Nyimba, phunziro lathu la mbiri litifikitsa kutsidya la nyanja, ku masewera amene ambiri a inu simunawaonepo. Koma tiyambe ndi nkhani imene makolo anu aidziwa bwino, ya masiku aja pamene anthu anali kuzungulira wailesi imodzi m'mudzi kuti amve za mpira, ndipo mawu a Dennis Liwewe anali odziwika ngakhale kwa nkhalamba zimene sizinapondepo pabwalo.

Pa 19 September 1988, m'masewera a Olympics a ku South Korea, timu ya mpira ya Zambia inagonjetsa Italy ndi zigoli 4 kwa 0, ndipo Kalusha Bwalya yekha anamwetsa zitatu. Ife timakumbukira masewera a caka cimeneco cifukwa ca cisangalalo cimeneci. Maiko ena amawakumbukira cifukwa ca manyazi. Patangopita masiku asanu, pa 24 September, mumzinda wa Seoul, Ben Johnson wa ku Canada anathamanga mamita 100 pa masekondi 9.79, liwiro limene munthu aliyense anali asanafikepo. Anamuveka mendulo ya golide. Pa tsiku lacitatu anamulanda menduloyo ndi kuipereka kwa Carl Lewis wa ku America, pakuti mumkodzo wake munapezeka mankhwala ochedwa stanozolol. Dzina limeneli mulisunge, cifukwa tidzakumana nalonso.

Kuti mumvetse mankhwala amenewa, pitani m'maganizo kukhola la ng'ombe. Onani nkhunzi, ndipo onani mfule imene imakoka ngolo. Zonse zinabadwa zamphongo. Koma nkhunzi ili ndi khosi lojinca ndi ukali, pamene mfule ndi yofatsa, yolola goli. Cimene cinacoka mwa mfule pa tsiku limene anaifula ndico gwero la madzi ena a m'thupi ochedwa testosterone. Madzi amenewa ndiwo amakulitsa minofu, ndiwonso amasintha mawu a mnyamata ndi kumumeretsa ndevu akamakula. M'caka ca 1935 akatswiri a ku Ulaya anaphunzira kuwapanga m'labotale, ndipo pambuyo pake anapanga mitundu ina yambiri yofanana nawo. Mitundu imeneyi ndiyo anthu amacha masteroidi okulitsa minofu. Musaisokoneze ndi mankhwala ena a dzina lofanana amene a cipatala amapereka kwa odwala mphumu. Amenewo ndi a banja lina, ndipo sakulitsa minofu.

Poyamba colinga cinali cabwino: kuthandiza odwala amene thupi lawo latheratu. Koma onyamula zitsulo zolemera sanacedwe kuona phindu lina. Munthu womwa mankhwalawa minofu yake imakula msanga, ndipo akatopa ndi masewera amacira msanga, kotero akhoza kuyeserera tsiku ndi tsiku pamene anzake alikupumula. M'zaka za m'ma 1960 anafalikira pakati pa othamanga ndi oponya zitsulo. Akuluakulu a Olympics anayamba kupima osewera mu 1968, caka cimodzi pambuyo pa imfa ya Tom Simpson, wopalasa njinga wa ku Britain amene anagwa ndi kufa pampikisano wa Tour de France atamwa mankhwala ocotsa kutopa. Njira yodalirika yopezera masteroidi inayamba kugwira nchito m'masewera a ku Montreal mu 1976.

Mtengo wa mphamvu imeneyi umalipidwa ndi thupi lomwelo. Ciwindi cimaonongeka, mtima umakula mosayenera, magazi amathamanga kwambiri. Mwamuna amatha kumera mawere ndi kulephera kubereka. Mkazi amamera ndevu ndipo mawu ake amasanduka a mwamuna osabwereranso. Kwa mwana amene akali kukula coopsa ncakuti mafupa amaleka kutalika nthawi isanakwane. Ena amakhala aukali wopanda cifukwa, ndipo akasiya kumwa amagwidwa ndi cisoni cacikulu.

Tsono tifike ku baseball. Ngati munasewerapo rounders pabwalo la sukulu, mwadziwa kale theka lake. Matimu ndi awiri, iliyonse ya anthu asanu ndi anayi. Woponya amaima pamtunda wa mamita 18 ndi kuponya mpira wolimba, waukulu ngati lalanje, pa liwiro lopitirira makilomita 150 pa ola. Womenya amaudikira ndi cibonga cobulungira. Akaumenya amathamanga kuzungulira ngodya zinayi za bwalo kufikira abwerere pamene anayambira. Akaumenya mwamphamvu kotero kuti uuluke ndi kugwera kunja kwa mpanda, pamtunda woposa mamita 100, palibe angamugwire. Amazungulira mosathamanga anthu alikukuwa. Kumenya kotere amakucha home run. M'ligi yaikulu ya ku America, yochedwa Major League Baseball, timu iliyonse imasewera kokwanira 162 pa caka, pafupifupi tsiku lililonse kuyambira April mpaka September. Mwaona tsono cifukwa cake mankhwala ociritsa kutopa msanga anali okoma kwa osewera amenewa.

Pali cinthu cimodzi cimene muyenera kudziwa za anthu okonda baseball: amasunga ziwerengero monga momwe akuluakulu a kwathu amasungira maina a mafumu amene analowa ufumu motsatizana. Mwana wa ku America anali kudziwa pamtima kuti Babe Ruth anamenya ma home run 60 mu 1927, ndi kuti Roger Maris anamenya 61 mu 1961. Anali kudziwanso kuti Ruth anamenya 714 pa moyo wake wonse, ndi kuti Hank Aaron anapitirira ciwerengero cimeneci pa 8 April 1974, nakafika pa 755. Aaron anali munthu wakuda, ndipo pamene anali kuyandikira ciwerengero ca Ruth analandira makalata ambirimbiri omutukwana ndi omuopseza kuti amupha. Sanabwerere m'mbuyo. Ziwerengero zimenezi zinali cuma ca mtundu, cifukwa ndi zimene zinali kulola mdzukulu kuyerekeza wosewera wa masiku ake ndi wosewera wa masiku a agogo ake.

Mu August 1994 osewera ananyanyala nchito pokangana ndi eni matimu za malipiro. Mpikisano womaliza wa caka, wochedwa World Series, sunacitike, kwa nthawi yoyamba kucokera mu 1904. Anthu anakwiya, ndipo pamene masewera anayambanso mu 1995 mipando yambiri inali yopanda anthu. Cimene cinawabwezera kumabwalo cinali caka ca 1998, pamene Mark McGwire wa timu ya St. Louis Cardinals ndi Sammy Sosa wa Chicago Cubs anapikisana kuti apitirire 61 wa Maris. McGwire anatsiriza ndi 70, Sosa ndi 66. Mu 2001 Barry Bonds wa San Francisco Giants anamenya 73. Anali ndi zaka 37, msinkhu umene osewera ambiri amakhala atayamba kufooka, ndipo m'zaka zonse za m'mbuyo anali asanapitirirepo 49.

Aphunzitsi, apa pali samu yabwino yolemba pabolodi. Kucokera mu 1927 mpaka 1997, zaka 70, ciwerengero ca 60 cinafikidwa kawiri kokha. Kucokera mu 1998 mpaka 2001, zaka zinayi, cinapitiriridwa kasanu ndi kamodzi, ndi anthu atatu. Mwana wa giredi 5 akhoza kuona kuti pali cina cake. Mlimi amene munda wake umabala matumba khumi a nsawawa caka ndi caka, ndiyeno mwadzidzidzi abwera kumsika ndi matumba makumi atatu, wogula wanzeru amayamba wamasula thumba limodzi kuti aone ngati mulibe mcenga. Ku America panalibe amene anafuna kumasula thumba.

Panali munthu mmodzi amene anayesa. Mu August 1998 mtolankhani wochedwa Steve Wilstein anaona botolo pamalo osungira zovala a McGwire, nawerenga dzina lake: androstenedione, mankhwala amene thupi limawasandutsa testosterone. M'masewera a Olympics anali oletsedwa, koma m'baseball ai. Wilstein atalemba nkhaniyi, anthu ambiri, ngakhale atolankhani anzake, anadzudzula iyeyo kuti anasuzumira pamene sanaitanidwe. Lamulo loletsa masteroidi linalipo pa pepala: boma la America linawaika m'gulu la mankhwala osaloledwa popanda dokotala mu 1990, ndipo mkulu wa baseball, Fay Vincent, analembera matimu kalata yowaletsa mu 1991. Koma kupima kunalibe. Bungwe la osewera linali kukana, likuti kupima mkodzo wa munthu amene sanapalamule ndiko kumucotsera ulemu. Eni matimu nawonso sanaumirire, pakuti mabwalo anali atadzaza ndipo ndalama zinali kulowa. Kunena zoona, mlandu wa zaka zimenezi suli pa omwa mankhwala okha. Lamulo lopanda woliyang'anira limalanga munthu woona mtima yekha, amene amataya malo ake m'timu cifukwa mnzake wamupitirira mwacinyengo.

Cinsinsi cinayamba kuululika mu 2002, pamene Ken Caminiti, amene anasankhidwa kukhala wosewera wopambana m'ligi yake mu 1996, anauza magazini ya Sports Illustrated kuti caka cimeneco anali kugwiritsa nchito masteroidi. Caka comweco ca 2002 eni matimu ndi osewera anapangana motere: mu 2003 onse apimidwe mobisa maina, popanda cilango, ngati opezeka ndi mankhwala aposa asanu pa zana lililonse, kupima kokhala ndi cilango kuyambe. Osewera anadziwiratu kuti adzapimidwa, komabe ciwerengero cinapitirira malire aja, ndipo maina 104 analembedwa pamndandanda wacinsinsi. Apolisi a boma analanda mndandandawo, ndipo mu 2009 maina ena anatulukira m'nyuzipepala, loyamba linali la Alex Rodriguez. Kumeneku kunali kuswa pangano, ndipo ngakhale munthu wodana ndi cinyengo ayenera kuvomera kuti sikunali kolungama.

Nkhani yodabwitsa koposa ndi ya jekeseni imodzi. Mu June 2003 mphunzitsi wa othamanga, Trevor Graham, anatumiza mobisa ku bungwe lopima osewera la ku America jekeseni yogwiritsidwa kale nchito, m'mene munatsala timadzi pang'ono. Makina opimira amapeza mankhwala okhawo amene anaphunzitsidwa kuwazindikira, monga galu wosaka amene amatsata fungo limene alidziwa. Timadzi timeneti tinali mankhwala atsopano, opangidwa dala kuti makina asawadziwe. Katswiri Don Catlin ndi anzake a ku yunivesite ya UCLA ku Los Angeles anawafufuza kufikira anazindikira mapangidwe ake, nawacha THG. Mapazi ake anafika kukampani ya BALCO, pafupi ndi San Francisco, ya munthu wochedwa Victor Conte, ndipo apolisi analowamo mu September 2003. M'mabuku a kampaniyi munali maina a akatswiri ochuka. Mmodzi anali Marion Jones, mayi wothamanga amene anapata mendulo zisanu ku Sydney mu 2000. Anavomera mu 2007, anabweza mendulo zonse, ndipo anakhala m'ndende miyezi isanu ndi umodzi cifukwa conamiza ofufuza a boma. Wina anali Barry Bonds. Iye anauza bwalo kuti analandiradi timadzi ndi mafuta ena kwa womuphunzitsa, koma anali kuyesa kuti ndi mafuta wamba a mbewu ndi mankhwala opaka pa nyamakazi.

Pa 17 March 2005 Nyumba ya Malamulo ya America inaitana osewera kuti ayankhe atalumbira. McGwire anakana kulankhula za m'mbuyo. Rafael Palmeiro analoza cala kwa aphungu nakanitsitsa kuti sanagwiritsepo nchito masteroidi. Mu August caka comweco anaimitsidwa masiku khumi, ndipo mankhwala amene anapezeka mwa iye anali stanozolol, omwe aja a Ben Johnson. Koma mawu amene anakhudza anthu tsiku limenelo sanali a osewera. Anali a makolo. Bambo Don Hooton a ku Texas anasimba za mwana wao Taylor, mnyamata wa zaka 17 wosewera baseball pasukulu ya sekondale, amene anamwa masteroidi kuti akule thupi, ndipo atasiya anagwidwa ndi cisoni cacikulu nadzipha mu 2003. Ana amatsanzira akatswiri ao, ndipo amatsanzira ndi zobisika zomwe.

Kucokera pamenepo zilango zinakwera. Mu November 2005 anagwirizana kuti wopezeka koyamba aimitsidwe masewero 50, kaciwiri 100, kacitatu acotsedwe kwa moyo wonse. Pa 13 December 2007 George Mitchell, amene kale anali phungu wa Nyumba ya Malamulo, anatulutsa lipoti la masamba 409 lochula osewera 89. McGwire anavomera mu January 2010. Mu 2013 kunabuka mlandu wina wa kacipatala ka Biogenesis ku Florida, ndipo Rodriguez anaimitsidwa caka conse ca 2014. Caka cimeneco zilango zinakweranso kufika pa masewero 80, 162, ndi moyo wonse. Onani kuti milandu ikuluikulu, wa BALCO ndi wa Biogenesis, sinagwidwe ndi makina poyamba. Inagwidwa cifukwa munthu wina wa m'kati anaulula.

Mwina mufuna kudziwa m'mene kupima kumacitikira m'masewera a maiko onse, kumene malamulo ake amaikidwa ndi bungwe la WADA, lokhazikitsidwa mu 1999. Wopima amafika mosalengeza, kubwalo kapena kunyumba. Kuyambira pamenepo samusiya wosewerayo yekha. Mkodzo umaperekedwa pamaso pa mboni, mwamuna kwa mwamuna, mkazi kwa mkazi, ndipo wosewera mwini amaugawa m'mabotolo awiri, A ndi B, nawatseka ndi zotsekera zimene sizitseguka popanda kuziswa. Pabotolo salembapo dzina, koma nambala, kuti wa m'labotale asadziwe mwini wake. Botolo A likaonetsa mankhwala, wosewera ali ndi ufulu wopempha kuti B atsegulidwe iye alipo. Mabotolo a ku Olympics amasungidwa mpaka zaka khumi, kuti makina a mtsogolo akapeze zimene makina a lero alephera. Aliyense wofika pamwamba amadutsa m'manja mwa opima, ndipo ndi cifukwa cake mendulo ya siliva ya Samuel Matete ya ku Atlanta mu 1996, ndi ya buronzi ya Muzala Samukonga ya ku Paris mu 2024, zili ndi kulemera kwake.

Lamulo limodzi la WADA ndi louma kwambiri: ciliconse copezeka m'thupi mwako ndi mlandu wako, ngakhale unamwa mosadziwa. Kolo Touré wa ku Ivory Coast, pamene anali kusewera mpira ku Manchester City mu 2011, anaimitsidwa miyezi isanu ndi umodzi cifukwa ca mapilitsi ocepetsa thupi amene anati anali a mkazi wake. Ku Kenya, Jemima Sumgong, amene anapata golide pa mpikisano wa marathon ku Rio de Janeiro mu 2016, anagwidwa caka cotsatira ndi mankhwala oculukitsa magazi ochedwa EPO. Vutoli si la azungu okha.

Ndipo si la olemera okha. Osewera ambiri a baseball amacokera ku Dominican Republic, dziko losauka la pacilumba, kwao kwa Sosa, amene ali mwana anali kupukuta nsapato m'misewu. Kumeneko matimu a ku America amaloledwa kulemba mnyamata akakwanitsa zaka 16, ndipo ndalama za tsiku limenelo zikhoza kuombola banja lonse. Motero ena obwereka ana kuti awaphunzitse akhala akuwabaya mankhwala a ziweto, ogulidwa mosavuta m'masitolo a alimi, kuti aoneke amphamvu pa tsiku lowayesa. Ena amawabweza zaka pa mapepala. Inu aphunzitsi amene mumatsogolera ana kumipikisano ya masukulu mudziwa kuti cinyengo caciwirici si cacilendo kwathu kuno. Mnyamata wa ndevu zometa kuthamanga ndi ana a zaka 12 ndi mbale wake wa jekeseni ija, pakuti wolandidwa ndi yemweyo, mwana amene anayeserera moona. Za mankhwala a ng'ombe ndi mapilitsi opanda dzina ogulitsidwa m'misika ndi m'mabasi, amene amati amanenepetsa kapena kupatsa mphamvu, muwauze ana momveka kuti muyeso wa nkhunzi si muyeso wa munthu.

Nanga ziwerengero zija zinatha bwanji? Palibe amene anazifafaniza. M'mabuku a baseball 73 ndi 762 zikali pa dzina la Bonds, pakuti pa 7 August 2007 anapitirira 755 wa Aaron. Bwalo linamupeza wolakwa mu 2011 pa mlandu wosokoneza cilungamo, koma bwalo la apilo linafafaniza cigamulo cimeneco mu 2015, ndipo iye sanavomerepo kuti anamwa masteroidi akudziwa. Ciweruzo cimene cinamugwera cinacokera kwina. M'tauni yaing'ono ya Cooperstown, m'boma la New York, muli nyumba ya cikumbutso yochedwa Hall of Fame, m'mene amapacika nkhope za akatswiri opambana. Kuti munthu alowemo afunika mavoti 75 pa zana lililonse a atolankhani a masewerawa. McGwire sanafikepo ngakhale pa 25. Bonds anaima pa cisankho zaka khumi, ndipo m'caka cake comaliza, 2022, anapata 66.

Mpira umene anamenya pa tsiku lija la 756 ndiwo unalowamo. Munthu wina wamalonda a zovala, Marc Ecko, anaugula ndi madola oposa 750,000, nafunsa anthu pa intaneti kuti aucite ciani: aupereke ku Cooperstown monga ulili, kapena audinde cizindikiro, kapena auponye kumwamba m'roketi. Ambiri anasankha cizindikiro. Pacikopa cake anajambulapo kanyenyezi kaja kamene mumakaona m'mabuku anu, kouza wowerenga kuti ayang'ane m'munsi mwa tsamba cifukwa pali mawu ena ofunika kuwadziwa, ndipo mu 2008 anaupereka kunyumbayo uli wodindidwa cotero.